Nissan ili pa mavuto: nazi zofunika kudziwa musanagule kapena kugulitsa

Mukaima pa M1 kuno ku Wovwe, simuchedwa kuona magalimoto ongolowa kumene akutsika kuchokera ku Songwe, atatsitsidwa pa doko la Dar es Salaam. Ambiri ndi Toyota, koma Nissan nayo sisowa: Note, Tiida, March, X-Trail, Caravan. Ndiye anthu atamva zoti kampani ya Nissan ikutseka mafakitale, ena ayamba kale kunena kuti galimoto zimenezi zasanduka zitsulo chabe. Nkhaniyo sinafike pamenepo. Nazi mfundo zake.

Nissan ndi ndani?

Ndi kampani ya ku Japan yomwe inayamba mu 1933, ndipo likulu lake lili ku Yokohama. Ma Datsun omwe agogo athu amawasimba aja anali akenso. Mu 1999 itatsala pang'ono kugwa ndi ngongole, inapulumutsidwa ndi Renault ya ku France, yomwe inatumiza Carlos Ghosn kuti akaiongole. Ghosn anamangidwa ku Japan mu November 2018 pa milandu ya ndalama, kenako anathawira ku Lebanon mu December 2019.

Chavuta n'chiyani?

Malonda atsika kwambiri ku China, komwe makampani ngati BYD alanda msika ndi magalimoto amagetsi, komanso ku America zinthu sizikuyenda. Mu December 2024 Nissan inayamba kukambirana ndi Honda zoti aphatikizane, koma zinalephereka mu February 2025. Bwana wamkulu Makoto Uchida anachoka, ndipo Ivan Espinosa analowa pa 1 April 2025. Mu May chaka chomwecho kampaniyi inalengeza kuti yaluza pafupifupi ma yen 671 biliyoni m'chaka chimodzi, ichotsa antchito 20,000, ndipo mafakitale ake achoka pa 17 kufika pa 10. Fakitale ya Oppama, komwe amapangira Note, isiya kupanga magalimoto pofika March 2028. Kufupi kwathu kuno, NP200 inasiya kupangidwa ku Rosslyn ku South Africa mu 2024.

Ndiye kuti yatha?

Ayi. Ikupangabe magalimoto mamiliyoni pachaka. Koma ikuchepa, ndipo mitundu ina ikusiyidwa. Dzina la Datsun analidzutsa mu 2013, n'kulikwiriranso mu 2022.

Nanga ife zikutikhudza bwanji?

Ambirife sitigula galimoto yatsopano. Timaitanitsa yogwirapo kale ntchito kudzera ku makampani ngati Be Forward ndi SBT. Choncho fakitale ikatsekedwa, ma Note ogwiritsidwa kale ntchito apitirira kubwera kwa zaka zingapo ndithu.

Ma spare nawonso sathera pompo. Ma filter, ma brake pad ndi ma shock ambiri amapangidwa ndi makampani ena, ndipo injini ndi magiyaboksi ambiri omwe timagula ndi ophwasula ku magalimoto akale. Ngati muli ndi Vanette yakale ija yofanana ndi Mazda Bongo, dziwani kuti inapangidwa ndi Mazda, ndipo zitsulo zambiri zimalowana.

Chomwe chimatipweteka kwenikweni ndi ndalama zakunja. Kwacha itagwa ndi 44 peresenti mu November 2023, chitsulo chilichonse chinakwera, kaya cha Nissan kaya cha Toyota. Chachiwiri ndi mtengo wogulitsira: mphekesera zikachuluka, ogula amayamba kunenerera mopanda chisoni.

Musanatulutse ndalama

Funsani kaye makaniko wanu ngati zitsulo za mtundu umenewo zimapezeka ku Karonga kapena ku Mzuzu, osati zodikira milungu kuchokera ku Dar. Ma Note, March ndi X-Trail ambiri ali ndi giyaboksi ya CVT, yomwe imafuna oilo wakewake ndipo sigwirizana ndi kunyamula mopyola muyezo. Ngati cholinga ndi kusenza matumba a mpunga wa ku sikimu kapena kupakiza anthu mpaka ku buti, ganizirani kawiri.

Ngati muli nayo kale ndipo ikuyenda bwino, musaigulitse motchipa chifukwa cha positi ya pa Facebook. Vuto la ku Yokohama litenga zaka kuti lifike pa Uliwa. La oilo wolakwika limafika mwezi womwewo.