Loya Amene Adagonja Mlandu wa Chihana

Ana a masiku ano ndikawauza kuti kale munthu ankamangidwa chifukwa cha pepala lopezeka m'chikwama, amaona ngati nthano. Ine zaka zimenezo ndidaziona. Ndinkatsegula BBC chapansipansi, zitseko ndi mazenera zili zotseka. Tsono lero ndati ndikumbutse za a Bazuka Mhango, loya wochokera ku Karonga, amene adaimira a Chakufwa Chihana mu 1992.

Tiyambe ndi momwe zinthu zidalili. Mu 1983, a Orton Chirwa ndi mayi Vera Chirwa, onse odziwa malamulo, adaweruzidwa kuti aphedwe m'khoti la mafumu, momwe loya sankaloledwa kuimira munthu. Ena ambiri sankafika n'komwe kukhoti. Ankangowatsekera ku Mikuyu popanda mlandu, zaka n'kumapita. A Chihana omwewo adakhalapo m'ndende motero m'zaka za m'ma 1970.

Pa 8 Malichi 1992 maepiskopi a Katolika adatulutsa kalata yawo yodzudzula boma. Pa 6 Epulo a Chihana adatera pabwalo la ndege la Kamuzu ku Lilongwe, atanenetsa kale pamsonkhano wa ku Lusaka kuti dziko likufunika zipani zambiri. Apolisi adawagwira pomwepo. Tonse tidati basi, ameneyu sitidzamuonanso.

Apa ndi pomwe a Mhango adalowera. Ntchito yawo yoyamba idali kuumiriza boma kuti munthuyo aonekere kubwalo lalikulu lamilandu, auzidwe chomwe walakwa. Kunena n'kosavuta, koma kumbukirani kuti loya nayenso ali ndi mkazi ndi ana, ndipo galimoto la apolisi lidali kudziwa njira ya kunyumba ya aliyense. A Chihana adapatsidwa belo mu Julaye, n'kugwidwanso patangotha masiku ochepa, n'kutulukanso mu Sepitembala.

Mlandu udali wolowetsa m'dziko ndi kusunga zolemba zodanitsa anthu ndi boma. Mu Disembala 1992 khoti lidati a Chihana ngolakwa, zaka ziwiri akugwira ntchito yakalavulagaga. Apilo ya mu Malichi 1993 idangochepetsa chilango kufika miyezi 9. Papepala, a Mhango adagonja kawiri.

Nanga ndikuwalemberanji? Chifukwa mlanduwo udakokera boma pabwalo. Lidayenera kunena poyera, khamu likumvera, atolankhani akunja akulemba, kuti kupempha chisankho ndi mlandu. Mawu omwe tinkanong'onezana kuchipinda adayamba kuwerengedwa mokweza pamaso pa jaji. Amene tidamva sitidathenso kuwaiwala. A Chihana adatuluka pa 12 Juni 1993, ndipo pa 14 Juni Amalawi ambiri adasankha nyali, n'kusiya tambala wakuda.

Malamulo aakulu a dziko a 1994 adalemba ufulu wolankhula m'gawo 35 ndi ufulu wa atolankhani m'gawo 36. A Mhango pambuyo pake adakhala phungu ndiponso nduna m'boma la a Bingu wa Mutharika. Za ndale zawozo ena adzaweruza. Koma chondiwawa ndi ichi: lamulo lomwe lidamanga a Chihana lidatsalabe m'buku zaka zina pafupifupi 30. Maboma osankhidwa ndi ife tomwe adalisunga, mpaka aphungu adavota kulichotsa mu 2022. Zaka zonsezo, aliyense wolankhula zakukhosi ankafunikabe loya wolimba mtima womuperekeza kukhoti.