Mbiri ya Jazi Yosokosera ya mu Mzinda wa New York

Nyimbo za jazi zidabadwira pakati pa anthu akuda a ku America. Pofika m'zaka za m'ma 1950, nyimbozi zidali ndi malamulo ake a kaimbidwe. Koma katswiri wina woliza lipenga la sakisofoni, Ornette Coleman, adakana kumangika ndi malamulowo. M'chaka cha 1960 iye adajambula chimbale chotchedwa Free Jazz, m'mene oimba asanu ndi atatu adaliza zida zawo momasuka, aliyense motsata khutu lake. Ambiri adamunyoza poganiza kuti ankangosokosa.

Patapita zaka khumi ndi zisanu, mu 1975, mzinda wa New York udatsala pang'ono kugwa pa chuma. Nyumba za m'madera osauka zidatsika mtengo, choncho achinyamata aluso adakhamukirako. Kumeneko kudabuka nyimbo za punk, zomwe zidali zazifupi, zaukali ndiponso zamagitala osokosera. Oimba jazi ndi oimba punk adayamba kukumana m'mabwalo amodzimodzi, ndipo adazindikira kuti onsewo ankadana ndi kuuzidwa kaimbidwe. Chimbale cha No New York cha mu 1978 chidaonetsa chibalecho, pakuti m'menemo James Chance adaliza sakisofoni mokuwa pakati pa magitala.

Amene adafikitsa ntchitoyi pachimake ndi John Zorn, yemwe adabadwira mumzinda womwewo mu 1953. Mu 1989 adatulutsa chimbale cha Spy vs Spy, m'mene adaimba nyimbo za Coleman mwaliwiro la punk, ndi malipenga awiri komanso oimba ng'oma awiri. Gulu lake la Naked City lidatulutsa Torture Garden mu 1990. Chimbalechi chili ndi tinyimbo 42, tina tongotha masekondi owerengeka, ndipo mawu okuwa ndi a Yamatsuka Eye wa ku Japan.

Kodi phokoso lingasanduke luso? Nthawi ndiyo idayankha. Mu 2006 Zorn adalandira mphatso yapamwamba ya MacArthur, ndipo mu 2007 Coleman adalandira ya Pulitzer, asanamwalire mu 2015. Liwiro la tinyimbo tija lidafuna oimba ophunzira bwino, odziwa malamulo amene ankawaswawo. Akuluakulu adati kuona maso a nkhono n'kudekha. Womvera wodekha amapeza dongosolo m'kati mwa phokosolo, pamene wopupuluma amangotseka makutu.