Mmene Asilikari a Cingelezi Anacokera ku Kuwait

Pa 19 June 1961 dziko la Kuwait linalandira ufulu kwa Angelezi. Atangopita masiku asanu ndi limodzi, General Qasim wa ku Iraq anati Kuwait ndi cigawo ca dziko lace. Mfumu ya Kuwait inapempha thandizo, ndipo pa 1 July asilikari a Cingelezi anafika msanga, pakuti gawo lalikuru la mafuta a Britain linali kucokera m'zitsime za kumeneko.

Koma Aluya sanakondwe kuona mfuti za alendo kwa abale ao. Tsono bungwe lao la Arab League linalandira Kuwait pa 20 July, nilitumiza asilikari a Saudi Arabia, Jordan, Sudan ndi maiko ena kukalonda malire. Mu October Angelezi anacoka mwamtendere, zombo za mafuta nizipitirira kuyenda. Mu 1963 Iraq anavomereza ufulu wa Kuwait.