Chithunzi cha Wapakati ndi Mbiri ya Nsalu Imene Wavala

Mwezi wathawu mdzukulu wathu wamkazi amene ali ku Johannesburg adatitumizira chithunzi pa WhatsApp. Adaima chammbali, atavala chitenje chofiira ndi duku lake, manja onse atagwira pamimba, mwamuna wake atagwada pambali. Agogo anu aakazi atachiona adagwira pakamwa nati, "Kodi mwanayu wapenga? Pakati amachita kuonetsa kudziko lonse?" Atafunsidwa, mdzukuluyo adayankha kuti adaonera mnzake wa ku India amene adajambulitsa atavala sari ya mayi ake. Usiku umenewo tulo sindidatione, ndipo ndidaganiza zokufotokozerani kumene zinthuzi zachokera.

Kale pakati pathu Achewa mimba siinali yolengeza. Ngakhale dzina lake tinkalizungulira: tinkati mayi ndi woyembekezera, ndi wodwala, kapena ali ndi pakati. Akuluakulu amamasulira mawu otsirizawa kuti mayiyo waima pakati pa moyo ndi imfa. Pa chifukwa chimenechi nkhaniyo inkasungidwa, kuopa maso a anthu a mtima woipa, komanso kuopa kukondwerera mwana amene sadamuone. Mtsikana akatenga mimba yoyamba ankakhala chete kufikira amayi aakulu ataizindikira okha. Pamenepo anamkungwi ankamuchitira chisamba, chimene ndi chinamwali cha mimba yoyamba. Ankamulangiza za kadyedwe, za kudzisunga kuopa mdulo, za zimene adzakumane nazo kuchikuta, ndipo mwamuna naye ankauzidwa zoyenera kupewa. Mipingo itakhazikika, amayi a mumpingo adatenga ntchito yomweyo naitcha chilangizo. Chinsinsicho chinali cha kubwalo kokha. M'nyumba, mtsikana ankazingidwa ndi amayi odziwa.

Tsono nsalu imene mdzukulu wanga akuitcha yamakolo ili ndi ulendo wake wautali. Makolo athu enieni ankavala nyanda, imene ankaisula kuchokera ku khungwa la mtengo, ndi zikopa zofufuta, ndipo mwana ankaberekedwa m'chikopa chofewa. Kuchigwa cha Shire anthu ankaomba okha nsalu ya thonje. M'zaka za m'ma 1800 amalonda ochokera kugombe la nyanja yamchere, kudzera ku Zanzibar ndi Kilwa, adabweretsa nsalu yoyera ya merikani, imene dzina lake likuchokera ku America kumene inkaombedwa, ndi nsalu yakuda ya kaniki yochokera ku India. Tisaiwale kuti zina mwa nsalu zimenezi zidasinthanitsidwa ndi minyanga ya njovu ndiponso anthu.

Dziko lino litakhala pansi pa Angerezi mu 1891, amalonda achimwenye adayamba kuchuluka, natsegula masitolo ku Limbe, Zomba, Lilongwe ndi m'malo a malonda akumidzi. Ine ndili mnyamata m'zaka za m'ma 1950, fodya akagulidwa, abambo ankapita kusitolo ya mmwenye kukagulira amayi chilundu, wogulitsa akuyeza ndi ndodo ya yadi. Maluwa a pachitenje nawonso ndi alendo. Azungu a ku Netherlands adatengera kalembedwe ka batik ka ku Java, ndipo kampani ya Vlisco ya mumzinda wa Helmond, imene idayamba mu 1846, idapeza msika wake waukulu mu Africa. Kwathu kuno fakitale ya David Whitehead and Sons idatsegulidwa ku Blantyre mu 1967, zitenje zidayamba kupezeka pamtengo wofikirika. Lamulo la kavalidwe la 1973, loletsa amayi kuvala mathalauza ndi masiketi aafupi, lidapangitsa chitenje kukhala chovala chosasiyana nacho mayi aliyense kufikira pamene lidathetsedwa mu 1993. Ndiye mukuona kuti mlendo ndiye adadza ndi kalumo kakuthwa. Komabe chitenje chidasanduka chathu chifukwa cha ntchito imene tidachipatsa: kuphimba wapakati, kubereka khanda, kuyala pamaliro.

Amwenye aja ali ndi mwambo wawo wofanana ndi chisamba. Kumpoto kwa India amautcha godh bharai, kutanthauza kudzaza chifukato cha mayi ndi mphatso, pamene kum'mwera amati seemantham kapena valaikappu. Nthawi zambiri umachitika mimba ikafika miyezi 7. Mayi amavekedwa sari yatsopano, nsalu yosasoka yotalika mamita oposa asanu, amayi anzake namuveka zibangili, kumupatsa zipatso ndi kumudalitsa. M'zaka za m'ma 1970 boma la Dr Hastings Kamuzu Banda lidalamula amalonda achimwenye kuchoka kumidzi ndi kukachita malonda m'mizinda ikuluikulu yokha. Ambiri adasamukira ku Britain, makamaka mumzinda wa Leicester. Mtsikana wobadwira kutali chotero, amene agogo ake ali kutsidya kwa nyanja, akavala sari ndi kuima patsogolo pa kamera amakhala akuuza abale ake kuti mwana akudzayo ndi wa mtundu wawo. Chithunzi chimayenda ulendo umene abalewo sangathe kuyenda.

Kujambulitsa mimba nakonso n'kwatsopano, ngakhale kwa azungu. Iwonso ankaibisa m'madiresi otaya. Zinthu zidatembenuka mu August 1991, pamene magazini ya Vanity Fair idaika pachikuto chake chithunzi cha katswiri wa mafilimu Demi Moore ali ndi mimba ya miyezi 7, chojambulidwa ndi Annie Leibovitz. Masitolo ena adakana kugulitsa magaziniyo, ena adaikulunga m'pepala. Lero zimene zidadabwitsa America zafika pafoni ya nkhalamba ya ku Kasiya. M'masiku athu wojambula ankabwera panjinga pa Khirisimasi kapena paukwati, filimu n'kupita nayo ku Lilongwe, ife n'kudikira masabata. Pa zithunzi zonse za m'nyumba mwanga palibe n'chimodzi chomwe chimene agogo anu akuoneka ali oyembekezera, ngakhale adabereka kasanu ndi kawiri.

Nanga ine ndiima pati? Poyamba ndidagwirizana ndi agogo anu. Koma nditayang'anitsitsa chitenjecho ndidachizindikira: ndi chimene iwo omwe adamupatsa tsiku limene ankakwera basi ya ku Joni. Mwanayu akadafuna akadavala diresi la m'masitolo a kumeneko, koma adasankha nsalu ya kwawo. Pamenepo ndidamva kuti chithunzicho chinali kuitana. Iye ali m'kachipinda ka lendi, alibe namkungwi, alibe azakhali, alibe apongozi pafupi. Anzake a msinkhu wake angathe kumuyamikira kukongola, koma sangamuuze kuti kutupa miyendo ndi nkhope, mutu wosaleka kapena kutaya magazi ndi zizindikiro zothamangira nazo kuchipatala, ngakhale pakati pa usiku. Paja mutu umodzi susenza denga.

Mawa lake ndidapempha agogo anu kuti asamukalipire, koma amuimbire. Adatenga foni nalowa nayo kuchipinda pamodzi ndi azakhali ake a mtsikanayo, ine n'kundithamangitsira kukhonde, pakuti zimenezo si za amuna. Adakhalamo maola awiri. Chimenecho ndicho chidali chisamba chake.

Kwa inu adzukulu amene muli ku South Africa, ku Britain, ku Ireland ndi kwina, ndikuti jambulitsani ngati mtima wafuna, mwana wanu adzakondwa kudzaona. Koma amayi a kwanu ayambe kumva ndi makutu musanaonetse dziko, ndipo chithunzicho chipite kwa abale chisanafike pa Facebook. Pitani kusikelo mwezi ndi mwezi, ndipo funani mayi wamkulu wa kumpingo kapena wa kwanu woti azikulangizani, chifukwa mawu a akuluakulu amakoma akagonera. Chitenje mwajambulitsiracho muchichape ndi kuchisunga bwino, chidzakhale mbereko yoyamba ya mwanayo.

Agogo anu agula kale china chobiriwira pamsika wa Kasiya, ndipo chikudikira wopita ku Joni. Tsalani bwino, tidzachezanso.