Anansi Athu a ku Kasisi Mission

Pamene tikukondwerera zaka 50 za mpingo wathu, tikumbukire kuti Uthenga Wabwino unafika m'dera lino tisanabadwe. Mu 1905 Bambo Jules Torrend, wansembe wa chipani cha Ajezuiti, anayambitsa mishoni ya Kasisi. Nthawi imeneyo Lusaka inali siteshoni chabe ya sitima, ndipo inakhala likulu la dziko mu 1935.

Masiku ano alendo oyendera matchalitchi a Akatolika amayambira ku Cathedral of the Child Jesus, pamalo amene Papa John Paul II anachitira Misa mu 1989. Koma wofuna kuona mizu yake atsate msewu wa ku eyapoti mpaka kuno. Adzapeza nyumba ya ana amasiye imene masisitere ochokera ku Poland anayamba kuisamalira mu 1928, ndiponso sukulu ya zaulimi imene Ajezuiti anatsegula mu 1974.

Sitibisa kuti timasiyana nawo pa ziphunzitso zina. Komabe ana amasiye ndi alimi a kuno anawadziwa ndi ntchito zawo. Nanga ife, m'zaka 50 zikubwerazi, anthu a ku Chongwe adzatidziwa ndi ntchito yotani?