Gogomole m'nkhalango za Mchinji

Gogomole ndi mbalame yodalira mitengo pa chakudya ndi pogona pomwe. M'boma la Mchinji imapezeka kwambiri m'nkhalango yotetezedwa ya Mchinji, kumapiri kumene kumayambira mtsinje wa Bua, komanso m'manda ndi m'minda momwe mwatsala mitengo yachilengedwe monga mombo, msuku ndi muwanga.

Phazi lake lili ndi zala zinayi, ziwiri zoloza kutsogolo, ziwiri kumbuyo, ndipo nthenga za kumchira ndi zolimba, zomwe imatsamira pokwera thunthu. Ikamagogoda imakhala ikufuna mphutsi zofumbula mtengo, nyerere ndi chiswe, zimene imazisolola ndi lilime lalitali, lomata. Kugogoda kwina, kofulumira ngati ng'oma, ndi kodziwitsa zinzake kuti malowo ali ndi mwini. Chimanga ndi mtedza si chakudya chake, choncho mlimi alibe nayo mlandu.

Chisa chake ndi mphako imene imaboola yokha, kawirikawiri pa mtengo wouma uli chiimire kapena pa nthambi yakufa. Mazira ake ndi oyera, ndipo yaimuna ndi yaikazi zimasinthana kufungatira. Mphakoyo ikasiyidwa, mumalowa mbalame zina zimene sizitha kudziboolera zokha. Vuto lagona pamenepa: mtengo wouma ndi umene wotola nkhuni amayamba kugwetsa poganiza kuti ulibenso ntchito, pomwe mitengo ikuluikulu yaiwisi ikuthera ku makala, ku milimo ya zigafa ndi ku nkhuni zowotchera fodya. Bulugamu wongobzalidwa kumene sangalowe m'malo mwa mombo wakale.

Mwa mitundu yopezeka m'Malawi, wodetsa nkhawa ndi gogomole wa Stierling, amene amakhala m'madera ochepa a Malawi, Tanzania ndi Mozambique basi. Nkhalango ya Dzalanyama ndi imodzi mwa malo odziwika kumene amaoneka.

Lamulo la nkhalango la 1997 limaletsa kudula mitengo m'nkhalango yotetezedwa ndi kuwotcha makala popanda chilolezo. Alimi akupemphedwa kusiyako mitengo youma iwiri kapena itatu m'mphepete mwa munda pamene siingagwere nyumba kapena njira, kupewa kutentha tchire mwachisawawa, ndi kulangiza ana kuti asamalase mbalamezi ndi malegeni. Amalonda a makala ndi matabwa, kuphatikizapo odutsa pachipata cha Mwami, afunse za zilolezo ku ofesi ya zankhalango ya pa boma.