Zaka 120 za Victor Hasselblad, wokonda mbalame amene kamera zake zinatsala pamwezi

Pa 8 Malichi 2026 zakwana zaka 120 chibadwire Victor Hasselblad wa mumzinda wa Gothenburg ku Sweden. Kwa akatakwe ojambula zithunzi, nambalayi ikukumbutsa chinanso: 120 ndi dzina la filimu yotambalala imene inkalowa m'kamera zake. Mpukutu umodzi unkatulutsa zithunzi 12 basi, chilichonse cha masentimita 6 m'litali ndi 6 m'lifupi.

Kwawo kunali kwa amalonda. Kampani ya banja lawo inayamba mu 1841, ndipo pambuyo pake ndi imene inkagulitsa katundu wa Kodak m'dziko lonse la Sweden. Victor anakulira pakati pa mafilimu ndi makamera, koma mtima wake unali kutchire. Ankakonda kujambula mbalame, mpaka mu 1935 anatulutsa buku la zithunzi za mbalame zosamuka ndi nyengo. Akuluakulu anati kuona maso a nkhono n'kudekha, ndipo mbalame zinamuphunzitsa zomwezo. Zinamuphunzitsanso kuti wojambula amafunika kamera yonyamulika, yosintha magalasi msanga, koma yotulutsa chithunzi chooneka nthenga iliyonse.

Mpata unabwera ndi nkhondo. Mu 1940 asilikali a Sweden anapeza kamera ya Ajeremani yojambulira ali m'ndege, n'kumufunsa ngati angapange yofanana nayo. Nkhani imati iye anakana kupanga yofanana, nalonjeza yoiposa. Anayambira m'kashedi ka pagalaja yokonzera galimoto, ndipo mu 1941 kamera ya HK-7 inatuluka. Pomafika 1945 anali atapereka makamera 342 kwa asilikali.

Nkhondo itatha anabwerera ku maloto ake. Mu Okutobala 1948, ku New York, anaonetsa 1600F. Inali ngati kabokosi kolumikiza zidutswa: galasi lochotseka kutsogolo, choonera pamwamba, ndi kachikwama ka filimu kumbuyo. Ukalowetsa kachitsulo kopyapyala kotchinga kuwala, unkatha kuchotsa filimu yamitundu mpukutu usanathe n'kuikapo ya zakuda ndi zoyera, osawononga chithunzi ngakhale chimodzi. Chotsekera kuwala chake sichinkachedwa kuwonongeka, choncho mu 1957 anatulutsa 500C, imene chotsekeracho chinasamukira m'kati mwa magalasi a Zeiss. Imeneyo ndiyo inamanga mbiri.

Kujambula nayo kunali ndi mwambo wake. Kamera umaigwirira pamimba, n'kuweramitsa mutu ngati mwana wolandira malonje kwa agogo. Ukasuzumira m'kagalasi ka pamwamba umaona munthu wako ali mbee, koma za kumanja zili kumanzere, za kumanzere zili kumanja. Ukadina, mumamveka phokoso lolemera, kagalasi kaja n'kuda bii mpaka utapukusa chogwirira cha pambali. Wojambulidwa ankaona nkhope yako yonse, ndiye macheza sankaduka. Ndipo poti mipata inali 12 yokha, chala sichinkathamangira kudina.

Pa 3 Okutobala 1962 Walter Schirra anapita nayo 500C m'mlengalenga, ndipo zithunzi zake zinakhutiritsa bungwe la NASA. Pa 24 Disembala 1968 Bill Anders wa Apollo 8 anajambula ndi Hasselblad dziko lathu likutuluka kuseri kwa mwezi. Mu Julayi 1969 Neil Armstrong anayenda pamwezi ndi Hasselblad yopakidwa utoto wasiliva kuti ipirire kutentha ndi kuzizira. Timitanda timene timaoneka pazithunzi za ulendowo tinachokera pakagalasi koyezera mtunda kamene kanali kutsogolo kwa filimu. Pobwerera, oyenda pamwezi ankachotsa tizikwama ta filimu tokha, makamerawo n'kuwasiya kuti chombo chipepuke ndi kupeza malo a miyala. Nzeru ija ya kachikwama kochotseka inagwira ntchito kumene mwini wake sanalote.

Victor anagulitsa kampani mu 1976, namwalira pa 5 Ogasiti 1978. Chuma chake chinapita ku bungwe lotchedwa dzina lake ndi la mkazi wake Erna, limene kuyambira 1980 limapereka mphotho kwa ojambula. Malick Sidibé wa ku Mali anailandira mu 2003, David Goldblatt wa ku South Africa mu 2006. Mu 2013 kampani inasiya kupanga 503CW, mdzukulu womaliza wa 500C, ndipo lero ikupanga makamera a digito.

Filimu ya 120 ikupangidwabe, ndipo ma 500C ambiri akugwirabe ntchito m'manja mwa zidzukulu za amene anawagula. Makamera ena 12 a Hasselblad ali phee m'fumbi la pamwezi, kumene kulibe mvula yowachititsa dzimbiri, kulibenso mbalame yoti n'kuijambula.